Kwa Mphwanga Wokaphunzitsa Chingerezi kwa Chikwa

Mphwanga,

Amayi ako andiuza kuti wavomera kupita kwa Chikwa kukaphunzitsa Chingerezi mongodzipereka, popanda malipiro a boma, podikira tsiku limene dzina lako lidzatuluke pamndandanda wa olembedwa ntchito. Iwo akulira kuti mwana wawo akukatayika kumalambo, kuchigwa cha Luangwa. Ine sindikulira nawo. Ndinagwirako choko kuchigwa cha Luangwa ndikali ndi mphamvu, ndipo ndikudziwa kuti malo amenewo amakuza munthu. Koma poti ndine malume ako, sindingalole kuti umange katundu ndisanakuuze zimene sanakuphunzitseni kukoleji ku Chipata. Zina ndi za m'kalasi, zina za m'nyumba, koma chachikulu ndi cha masiku awiri amene belu silirira, Loweruka ndi Lamulungu.

Pasipoti sudzadinditsa, komabe dziwa kuti ukupita kudziko la eni. Boma la Chama ndi la Asenga. Mafumu ake akuluakulu ndi a Kambombo, amene ndiwo mutu, a Tembwe, a Chikwa, a Chifunda, a Chibale, a Mulilo ndi a Lundu. Kwa Chikwa ndi kwa Chifunda ndi kummwera kwa bomalo, pansi penipeni pachigwa. Mbiri yawo imati makolo a mafumuwa anachokera kwa Abisa, nakwatira akazi achitumbuka, ndiye chifukwa chake Chisenga chimamveka pafupi ndi Chitumbuka cha ku Lundazi. Mu 2011 a Michael Sata anaika Chama m'chigawo chatsopano cha Muchinga, ndipo mu 2021 a Hakainde Hichilema analibwezera kuno kummawa. Kaya likulu likhale ku Chinsali kaya ku Chipata, konseko n'kutali ndi kwa Chikwa, ndipo kutalikira kumeneko ndiko kumathawitsa aphunzitsi. Ambiri akatumizidwako amayamba kulemba kalata yopempha kusamuka asanamasule n'komwe mtolo wa zofunda. Ana akumeneko azolowera kutsanzikana ndi aphunzitsi. Udzaona m'maso mwawo tsiku loyamba, akukuyesa kuti kodi ameneyu afika nafe mpaka mayeso.

Si iwe woyamba kutsikira kumeneko ndi buku m'manja. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, nthawi ya mbusa Donald Fraser wa ku Loudon, kumene lero timati Embangweni, aphunzitsi a mishoni ya Livingstonia ankachoka ku Nyasaland wapansi, kutsika mapiri, kukatsegula masukulu m'midzi ya Asenga. A David Kaunda, amene anachokeranso ku Nyasaland, anapitirira mpaka kutsidya kwa Luangwa nakakhazikika ku Chinsali cha m'ma 1905. Anaphunzira Chibemba, anabereka ana awo konko, mmodzi mwa iwo ndi Kenneth wobadwa mu 1924, ndipo manda a David Kaundayo ali komweko ku Lubwa. Anthu amenewa analibe galimoto yowatengera kwawo Lachisanu. Ankadya zimene eni mudzi adya, ankalira nawo maliro, ndipo n'chifukwa chake ntchito yawo inamera mizu. Ngakhale achinyamata a Peace Corps ochokera ku America, amene akhala akubwera m'dziko lino kuyambira 1994, sawatumiza kumudzi asanakhale miyezi pafupifupi itatu akuphunzira chilankhulo. Akatero amawapatsa njinga yakapalasa n'kuwasiya zaka ziwiri. Amene amakumbukiridwa m'midzi mwa iwo ndi aja ankapezeka pamaliro ndi pamjigo. Aja ankangokhalira kupita ku Chipata, mayina awo anaiwalika.

Ukafika, a hedi akatha kukuonetsa nyumba, uwapemphe kuti akuperekeze kwa nyakwawa wa mudzi umene sukulu ili, ndipo iwowo adzadziwa nthawi ndi njira yokafikira kwa a mfumu. Kumphala sapita wekha ndipo sapita chimanjamanja. Nkhuku kapena shuga zikwana. Ugwade, uwombe m'manja monga akuchitira amene wakuperekezayo, ulankhule akakufunsa. Mapepala ako a ku Teaching Council of Zambia akhale okonzeka, ndipo ofesi ya maphunziro ya DEBS ku boma idziwe kuti uli pasukulupo. Upemphe a hedi kalata yodinda yonena tsiku limene wayamba. Mu 2022 boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 nthawi imodzi, ndipo nthawi ngati imeneyo ikadzabweranso, mawu apakamwa oti ndinadziperekapo sadzakuthandiza popanda pepala.

Chisenga uchiphunzire msanga, ndipo usachite manyazi kuphonya. Ana adzakuseka, agogo adzakukonza, koma pakutha pa temu adzakhala akukuitana pakhomo. Pali chifukwa chinanso chachikulu. Chisenga ndi Chitumbuka sizili pakati pa zilankhulo zisanu ndi ziwiri zimene boma linasankha kuti zizigwiritsidwa ntchito m'sukulu. Kuno kummawa chilankhulo cha sukulu ndi Chinyanja. Kuyambira 2014 ana a Grade 1 mpaka Grade 4 ankaphunzira zonse m'chilankhulo cha chigawo, ndipo ndondomeko yatsopano imene inayamba mu 2025 yabweza Chingerezi kumakalasi oyambirira. Mwana wa kwa Chikwa amene udzamupeze m'makalasi apamwamba ndiye kuti anayamwa Chisenga, anaphunzira kuwerenga m'Chinyanja, ndipo mayeso akumudikira m'Chingerezi. Iwe Mchewa wa ku Katete unadutsa chilankhulo chimodzi chokha kuti ufike pa Chingerezi, iye akudutsa ziwiri. Akachedwa kuyankha usamutche mbuli. Ndipo mwambo woipa uja wolanga mwana chifukwa walankhula chakwawo pasukulu, usauyambitse ndipo ukaupeza uutsutse mwaulemu pamsonkhano wa aphunzitsi. Mwana woopa kutsegula pakamwa saphunzira chilankhulo chilichonse.

Zolakwa zawo udzazidziwa, chifukwa ndi zomwe tonse tinali nazo. Adzasokoneza he ndi she, poti m'zilankhulo zathu mwamuna ndi mkazi onse ndi iye. Adzasinthanitsa l ndi r. Adzaika kalemba kaliwu kumapeto kwa mawu alionse, ndipo tizilembo tija a ndi the tidzawavuta mpaka kusekondale. Zimenezi sizichoka ndi malamulo olembedwa pabolodi. Zimachoka ndi kumva ndi kulankhula tsiku ndi tsiku. Uziwawerengera mokweza kankhani kamodzi m'mawa uliwonse, ngakhale buku lili limodzi kalasi yonse. Kuyambira pamene maphunziro anakhala aulere mu January 2022 ana adzaza m'makalasi, mabuku sakwana, choncho makatoni a sopo ndi matumba a shuga asatayidwe, ulembepo mawu n'kupachika pakhoma. Chimangirizo usawapatse mutu wa ulendo wa pandege kapena sitolo yaikulu ya ku Lusaka. Uwauze alembe za usiku umene njovu zinalowa m'munda, za mmene amapunthira mpunga, za tsiku limene mtsinje unadzaza iwo ali kutsidya. Pa nkhani zimenezo amadziwa kuposa iwe, chimene akusowa ndi mawu okha, ndipo mawuwo ndiwo wawabweretsera.

Za m'nyumba ndinena mwachidule. Mwezi wa October kuchigwa kumatentha mpaka kupitirira madigiri 40, choncho ntchito yolemetsa uziigwira mmamawa, ndipo madzi akumwa azikhala mumtsuko wadothi. Neti ugonemo chaka chonse. Nsapato uzizikutumula usanavale chifukwa cha zinkhanira. Utenge kasola kochajira foni ndi kuunikira polemba mapulani a maphunziro, mbaula, kapenta, nyemba, mchere ndi mafuta. Mpunga usanyamule, uli komweko, ndipo ndi mpunga wa Chama uja wonunkhira umene a bungwe la COMACO amagula kwa alimi n'kukagulitsa m'masitolo a m'tauni. Thupi likatentha upite kuchipatala tsiku lomwelo ukayezetse malungo. Koma mvetsa ichi, chifukwa kwathu kumtunda sitichidziwa: m'nkhalango za tsanya muli kashembe, ndipo ntchentche imeneyi imafalitsa kaodzera. Kaodzera wa ku Luangwa ndi wachangu, amatha kupha m'miyezi yochepa, ndipo amayamba ngati malungo. Ukamwa mankhwala a malungo koma mutu ndi kutentha thupi osasiya, makamaka ngati pali chotupa pamene china chinakuluma, uwauze a chipatala kuti unalumidwa ndi kashembe. Poyenda m'tchire upewe zovala zakuda ndi zabuluu, poti ndizo zimaiitana.

Makolo adzakubweretsera maungu, nsomba, mwina nkhuku. Ulandire ndi manja awiri, ndiwo malipiro ako a tsopano. Koma wina akadzagogoda usiku ndi nyama youma yokulunga m'thumba, uthokoze ndi kukana. Dera lonselo lili m'malo osungirako nyama a Musalangu, ndipo lamulo la nyama zakutchire la 2015 silisiyanitsa wopha ndi wosunga. Mphunzitsi akamangidwa ndi nyama ya njati ndiye kuti satifiketi yake yathera pomwepo. Ngongole pagolosale usatenge, ndipo mowa usamwe pamene ana ako angakuone.

Ichi chokha ndikuuza mwaukali. Mwana wa sukulu wamkazi asalowe m'nyumba mwako, kaya kudzasesa, kaya kudzatunga madzi, kaya kudzafunsa za phunziro. Ngakhale amayi ake amutume, umubweze ndi mawu abwino. Wofuna thandizo umuthandize m'kalasi chitseko chili chotsegula ndipo anzake alipo. Kumidzi yakutali ngati imeneyo atsikana ambiri amasiyira sukulu panjira chifukwa cha mimba ndi ukwati, ndipo mnyamata wophunzira wochokera kumtunda amaoneka ngati njira yotulukira mu umphawi. Lamulo la 2023 linathetsa ukwati wa munthu aliyense wosakwana zaka 18, ngakhale wa mwambo. Kuyambira 1997 mtsikana wobereka ali ndi ufulu wobwerera kusukulu. Iwe ntchito yako ndi kukhala mmodzi mwa owabweza m'kalasi.

Tsopano za Loweruka. Lachisanu masana ana akabalalika, pasukulu pamakhala zii. Aphunzitsi anzako ena adzakwera njinga zamoto kulowera kumtunda, foni idzalira, anzako a ku Chipata akukuuza kumene akumana madzulo. Mtima udzakuuza kuti masiku asanu wawapereka, awiriwa ndi ako. Maganizo amenewo ndiwo amaononga aphunzitsi abwino. Mphunzitsi wothawa Lachisanu lililonse ali ngati mlimi wowokera mpunga bwinobwino n'kuusiyira mbalame nthawi yakucha. Za mwana sudzazidziwira m'kalasi. Udzazidziwa Loweruka, ukapalasa njinga kukafika kwawo. Uja amagona pa desiki udzapeza kuti amachezera pansanja kuimba zitini ndi kusonkha moto wa tsabola kuti njovu zisathe chimanga. Aja amasowa mu April ndi May ali kudimba kupirikitsa mbalame mumpunga, ndipo ikatha imeneyo pali kutola thonje. Ukadziwa zimenezi sudzakwapula mwana chifukwa cha njala ya banja lake. Udzakhala pamkeka ndi bambo ake n'kupangana kuti mwana azipita kumunda madzulo, kapena abale azisinthana masiku. Pangano lotere silichitika pa kalata yotumiza kudzera mwa mwana.

Lamulungu upite kutchalitchi. Iwe unakulira mu Reformed Church, kumeneko udzapeza kwambiri a CCAP ndi Akatolika, ndipo nyimbo ndi Baibulo zambiri ndi za m'Chitumbuka. Ukhale nawo ndithu, Mulungu ndi yemweyo, ndipo palibe sukulu ya chilankhulo yoposa kwaya. Maliro akagwa m'mudzi, ngakhale womwalirayo sunamuonepo, ukagone kusiwa pamodzi ndi amuna anzako, ugwire nawo fosholo kumanda. Masana a Loweruka pali mpira. Ngati miyendo ikulola, sewera, ngati ayi, gwira wezulo. Anyamata amene anasiya sukulu udzawapeza pamenepo, ndipo ena adzayamba kukufunsa mwakachetechete ngati angabwerere. Mwa masabata anayi a mwezi, atatu uwapereke kwa Chikwa.

Sindikuti udzitsekere. Munthu wosayenda amafota, ndipo mphunzitsi wa Chingerezi ayenera kupeza nyuzipepala, mabuku ndi intaneti yokhazikika. Kamodzi pamwezi kwera ku Lundazi, ukatape ndalama, ukagule choko ndi zosowa, ukatiimbire foni momasuka. Uli komweko kaone hotela ija yomangidwa ngati linga la mafumu a ku Ulaya, imene bwanamkubwa wachitsamunda Errol Button anayamba kumanga kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 m'mbali mwa damu. Nyuzipepala zakale zimene ena akufuna kukulungira tomato uzipemphe, ndi mabuku a ana ako zimenezo. Kuboma la Chama upite pakakhala za kuofesi, ndipo mwambo wa Kwenje wa a Kambombo ukafika usauphonye. Wadyera nawo limodzi Asenga, kaonenso mmene amalemekezera makolo awo. Kulamba kwathu ku Mkaika kumagwa Loweruka lomaliza la August, nthawi ya tchuthi, ndiye kumeneko tidzaonana popanda kubera ana tsiku ndi limodzi lomwe.

Pali ulendo umodzi umene ndikufunitsitsa kuti udzauyende, ndipo usadzauyende wekha. Kutsidya kwa Luangwa kuli nkhalango ya North Luangwa, yaikulu masikweya kilomita 4,636, kumene chipembere chakuda chinabwezeretsedwa kuyambira 2003 chitatheratu m'dziko muno chifukwa cha opha nyama mozemba. M'chilimwe amaolotsa galimoto pamtsinje cha kwa Chifunda. Azungu amalipira ndalama zambiri kudzaona zimenezi, pamene mwana wa kwa Chikwa amadziwa njovu ngati mdani wa nkhokwe basi. Ulankhule ndi a hedi, a komiti ya m'mudzi yoyang'anira zachilengedwe imene amaitcha CRB, ndi asilikali a nyama, muone ngati kalasi yako ingaperekezedwe tsiku lina. Ntchito zolipira bwino m'chigwa chonsecho, kuperekeza alendo, kulondera nyama, kugwira m'makampu, zimafuna munthu wolankhula Chingerezi. Mwana akaona mnyamata wa m'chigwa momwemo akufotokozera alendo za mapazi a mkango m'Chingerezi, sudzavutikanso kumuuza chifukwa chake phunziro lako lili lofunika.

Ku Malawi n'kufupi, ndipo udzamva anthu akunena za tinjira tachidule topita ku Mzimba kapena ku Rumphi. Eni dera ali ndi abale mbali zonse ndipo amadziwana ndi mafumu. Iwe ukafuna kukaona Vwaza kapena mapiri a Nyika, dikira tchuthi, udzere pachipata cha Lusuntha ndi mapepala ako.

Kuchigwa ulendo saupanga ndi kalendala, amaupanga ndi nyengo. Kuyambira May mpaka October njira ndi youma, fumbi lokhalokha, ndipo makanta onyamula thonje ndi mpunga amapezeka. Ukwere wonyamuka m'mawa, usakhale pamwamba pa matumba, ndipo woyendetsa akanunkha kachasu utsike ngakhale walipira kale. Ulendo wobwerera uziuyamba Lamulungu mmamawa, chifukwa galimoto ya kuchigwa ikafa panjira palibe ina yobwera kumbuyo, ndipo ana sayenera kukhala okha Lolemba chifukwa cha kucheza kwako. Pa njinga usayende mbandakucha kapena dzuwa litapendeka, ndiyo nthawi ya njovu, makamaka mango akamapsa pamene zimafika mpaka m'midzi. Ukaona ndowe yofuka nthunzi kapena nthambi zothyoka kumene, ima, bwerera, dikira anthu. Njovu ya mwana siopsezedwa ndi belu la njinga. Usanatuluke uzifunsa kuti njira ili bwanji lero, ndipo uzifunsa amayi ochokera kumunda, poti safunsa anadya phula.

Mvula ikayamba mu November zonse zimasintha. Dothi lakuda la makande limagwira matayala, ndipo pofika January ndi February kummwera kwa Chama kumatha kudukiratu kwa masabata. Mitsinje yamchenga imene unkaoloka osavula nsapato imadzaza mwadzidzidzi ngakhale pamene ulipo kuli dzuwa, chifukwa mvula yagwa kumtunda ku Lundazi. Madzi ofiira othamanga usawayese ndi mwendo. Khala pagombe ndi anzako mpaka atsike, ngakhale kugona pomwepo. M'madzi odikha a m'mathamanda ndimo mukhala ng'ona, choncho kosamba ndi kochapa ukuonetsedwe ndi eni ake. M'miyezi imeneyi za ku Lundazi uiwale. Sukulu ikatsekera mu December utuluke msanga, ndipo pobwerera mu January ulawirire masiku angapo sukulu isanatsegule, utanyamula ufa, mchere, sopo, mabatire, choko ndi mapepala okwana temu yonse mpaka April. Ndalama ya katunduyo ndidzakupatsa ine ndikagulitsa mtedza, amayi ako asavutike nayo. Undiuze tsiku lonyamuka ku Katete kuti ndidzakuperekeze kokwerera basi ya ku Lundazi ku Chipata.

Ndine malume ako.